Nyumba zimene zidaima pa windo

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Johannesburg, udzu wa m'mbali mwa misewu umauma, ndipo madzulo anthu amautentha. Fungo la utsi wake ndi lomwe lija la lupsa la kwathu, ndiye likandipeza ndili pamwamba pa khoma la eni ake, mtima umathawira ku Mitundu. Kwathu imeneyi ndi nyengo ya omanga. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, soya wagulitsidwa, a fodya abwerako ku Kanengo ndi kangachepe m'thumba. M'madambo anyamata ali matope okhaokha, chikombole m'manja, njerwa zandandalikidwa pa dzuwa zitafunditsidwa udzu kuti zisang'aluke. Pofika Ogasiti mauvuni ayamba kufuka, ndipo ukamapalasa njinga usiku kuchokera ku Bunda kulowera ku Mitundu umaona moto uku ndi uku, amuna atauzungulira, akusonkhezera nkhuni mpaka mbandakucha.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ntchitoyi ndidaiphunzira m'manja mwa atsibweni anga, ndikuwakankhira wilibala ndi kuwaponyera njerwa, tikumanga magolosale ndi nyumba za aphunzitsi m'dera la Mfumu Chiseka. Lero ndimamanga ku Midrand ndi ku Fourways, nyumba zokhala ndi zimbudzi zinayi m'kati, pamene yanga ili pa puloti kuseri kwa msika wa Mitundu, yopanda denga. Mayi a ana anga kwawo ndi cha ku Nathenje, ndipo akukhala komweko ndi ana, pakhomo pa apongozi, kudikira tsiku losamuka. Anthu akamakumbukira mliri wa Covid-19 amawerenga odwala ndi maliro, ndipo ndi koyenera kutero. Koma mliriwo udasiyanso china chimene aliyense woyenda pa msewu wa Bunda angachione ndi maso ake: makoma ofika pa windo, chisoso chitamera m'zipinda, mbuzi zikugona pamene pakadakhala pabalaza.

Kwathu munthu wamba samanga ndi ngongole ya kubanki. Banki imafuna chikole ndi kalata ya malipiro a pamwezi, zimene mlimi wa soya kapena mnyamata wa kabaza alibe. Timamanga pang'onopang'ono. Chaka chino uumbitsa njerwa, chamawa ukumba maziko, chinacho ufika pa windo, ukapuma n'kudzathira bimu, kenako n'kuyamba kusonkhanitsa malata awiriawiri, kuwabisa kuseri kwa bedi. Ndalama ikapezeka sitiilola kugona m'nyumba, chifukwa ikagona ipita ku matenda, ku maliro, kapena kwa wachibale wobwera ndi dandaulo limene sungalikanize. Tsiku lomwelo imasanduka thumba la simenti. Khoma ndiye banki yathu, ndipo thukuta la banja lonse la zaka zambiri limakhala m'menemo.

Nyumba imodzi ikamamangidwa, odyapo amachuluka kuposa mmene mwini wake amaganizira. Ndalama imene ndinkatumiza pa Mukuru kumapeto kwa mwezi siinkakhalitsa m'manja mwa mayi a ana. Ina inkapita kwa anyamata oumba njerwa, amene amalipidwa pa chikwi chilichonse. Njerwa siipsa popanda nkhuni, ndiye mwini mitengo ya bulugamu ankalandira yake, ngakhale tinene zoona kuti nkhuni zina zimachokera ku Dzalanyama, nkhalango imene ikutha tikuona. Mwini ngolo ankatuta mchenga kumtsinje ndi ng'ombe zake. Amayi otunga madzi pamjigo ankalipidwa pa mgolo. Miyala ya kwale inkachokera cha ku Nathenje, kumene kuli makampani ophwanya miyala ndi makina, komanso amayi okhala m'mbali mwa msewu wa M1 ndi nyundo m'manja, kuswa miyala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kuiunjika milumilu kudikira lole. Onjezanipo kalipentala, wowotcherera mafelemu, mwini hadiweya, ndi mayi wobwera masana ndi thobwa ndi zitumbuwa kudzagulitsa kwa amisiri. Ambiri a iwo sindikuwadziwa ndi mayina omwe, koma nsima yawo inkadalira pang'ono kuti ine kuno ndadzuka n'kupita kuntchito.

Pa 15 Malichi 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalengeza kuti dziko la South Africa lili pa ngozi, ndipo pakati pa usiku wa pa 26 Malichi udayamba m'bindikiro wa masiku 21, umene pambuyo pake adautalikitsa mpaka kumapeto kwa Epulo. Foromani wathu adatiuza kuti tisonkhanitse zida, tifunditse simenti ndi mapepala a pulasitiki, tidzaonana pakatha masabata atatu. Tidasiya chipinda china pulasitala atafika theka. M'misewu mudadzaza asilikali. A m'maofesi adanyamula makompyuta awo kukagwirira ntchito kunyumba, koma khoma sungalinyamule kupita nalo kuchipinda chako cha lendi. Ntchito zina za boma zidaloledwa kuyambanso mu Meyi, koma ife omanga nyumba za anthu tidadikira mpaka pa 1 Juni. Ndipo ambiri titabwerera tidapeza geti lili chitsekere. Mwini nyumba ntchito yamuthera, kapena wachita mantha n'kuganiza zosunga kaye ndalama zake.

Mliriwu udapeza ntchito ya zomangamanga kuno ikudwala kale. Makampani akuluakulu amene adamanga mabwalo a mpira wa dziko lonse wa 2010 adali atayamba kugwa: Basil Read idamira m'ngongole mu 2018, Group Five mu 2019. Choncho m'bindikiro udakankha munthu amene adali kale dzandidzandi. Bungwe la boma lowerengera zinthu, Stats SA, lidapeza kuti pakati pa Epulo ndi Juni 2020 anthu 2.2 miliyoni ntchito zidawathera, ndipo m'chaka chonsecho zomangamanga zidatsika ndi pafupifupi 20 peresenti, kuposa kutali mmene chuma cha dziko lonse chidatsikira. Boma lidalengeza thandizo la R500 biliyoni. Olembedwa ntchito mwalamulo ankalandira kangachepe kudzera ku thumba la UIF, ndipo osowa ntchito adawalonjeza R350 pamwezi. Koma zonsezi zinkafuna mapepala. Amalawi ambiri omanga nyumba kuno ndi aganyu, olipidwa pamanja Lachisanu, osalembedwa m'buku lililonse. Ngakhale pamzere wolandira phukusi la chakudya nthawi zambiri ankayamba afunsa chiphaso. Chimene chidatisunga ndi mipingo, mizikiti, ndi ife tokha, kusonkherana ufa ndi mafuta. Ine ndidagulitsa makina anga odulira matailosi pa mtengo wolira nawo, kuti ndilipire lendi.

M'masiku omwewo, pamene ife zida zidali zotsekeredwa, ntchito ina yomanga inkayenda mothamanga. Boma lidamanga mpanda wa waya wa makilomita 40 pa malire a Beitbridge, wa ndalama zokwana R37 miliyoni, ati pofuna kutchinga matenda. Sipadapite nthawi, mpandawo udadulidwadulidwa, ndipo ofufuza adapeza kuti mtengo wake udakwezedwa mopitirira. Nkhaniyi idandiwawa kwambiri. Pa Beitbridge ndi pamene tonsefe timadutsa popita kwathu ndi pobwera, ndipo kumva kuti ndalama yomangira ilipo koma ndi yotitsekera njira kudandikumbutsa kuti kuno ndife alendo, ngakhale manja athu ali m'makoma a mzinda wonsewu.

Usiku wa m'bindikiro udali wautali. Tinkagona anthu angapo m'kachipinda kamodzi, ndipo tulo tikakana ndinkayenda ulendo wa kwathu m'mutu. Kukwera basi pa Park Station, kuchezera pamzere pa Beitbridge, kudutsa Harare ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete thukuta lili kamukamu, kenako kamphepo kozizira ka pa chipata cha Dedza. Kuchoka apo munthu sukhazikikanso pampando. Linthipe, Kamphata, phiri la Nkhoma lili uko kudzanja lamanja, kenako Nathenje: amayi ayala tomato ndi anyezi, anyamata akuthamangira mawindo a basi ndi chimanga chootcha ndi mazira owiritsa, ndipo Chichewa chikumveka mbali zonse popanda wina wokutembenukira kuti aone kuti ndiwe wakuti. Ndinkadziona ndikutsika pamenepo, ana akulimbirana chikwama, apongozi akundilonjera chapatali mwaulemu wake, madzulo nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera. M'mawa mwake kukwera minibasi mpaka pokhotera ku Bunda, kuona phiri la Bunda likuyandikira, n'kukatsika pa Mitundu pakati pa fumbi, kaunjika ndi fungo la kanyenya. Ulendowo unkathera pa puloti panga nthawi zonse, ndikuyeza makoma ndi maso. Akulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo mawu amenewa sindidawamvetse bwino mpaka chaka chimenecho.

Kwathu zinthu zidayenda mwina. Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza za ngozi pa 20 Malichi, sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo odwala oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Boma lidakonza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda adakwiya n'kuyenda m'misewu, a bungwe la HRDC adapita kubwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Ine amene m'bindikiro ndidaulawa ndikuti bwalo lidaweruza bwino. Mayi woswa miyala pa Nathenje amadya madzulo chimene wagulitsa masana. Kumutsekera m'nyumba masabata atatu osamupatsa ufa kukadakhala kumupha ndi njala pomuteteza ku chifuwa.

Komabe Malawi, ngakhale sadatsekedwe, adaima. Ndalama zochokera ku Joni zidauma mwezi umodzi womwewo m'midzi yambirimbiri. Sukulu ya ukachenjede ya Bunda itatsekedwa, ophunzira adabalalika, ndipo anthu amene adamanga timidadada ta lendi mozungulira sukuluyo adatsala ndi zipinda zopanda anthu. Amene ankafuna kuwonjezera zipinda adasiya. Amayi ogulitsa masamba ndi mbatata kwa ophunzirawo adasowa wogula. Mu mzinda wa Lilongwe mahotela ndi malo ogona alendo adachepetsa antchito, misonkhano ya mabungwe idatha, ndipo ogwira ntchito amene ankamanga nyumba zawo ku Area 36, ku Area 38 ndi kwina adayamba kusunga malipiro poopa mawa. Malole obwera kudzagula kwale ndi mchenga adachepa. Msika wa fodya udatsegulidwa ku Kanengo mu Epulo, koma alimi sadaloledwe kulowa kuti aone mabelo awo akugulitsidwa, chinthu chimene mlimi wa ku Mitundu sadachizolowere. Maminibasi adalamulidwa kuchepetsa okwera, ndipo mtengo udakwera. Boma lidalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika, koma a m'mizinda inayi yokha, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo ngakhale kumeneko idachedwa kufika. Woumba njerwa wa ku Mitundu, amene msika wake ndi mzinda womwewo, adawerengedwa kuti ndi wakumudzi, ali ndi munda. Chaka cha 2020 chuma cha Malawi chidakula ndi ndime yosafika 1 peresenti, pamene chiwerengero cha anthu chimakwera ndi yoposa 2.5 peresenti pachaka. Ndiye kuti mbale ya aliyense idachepa.

Pali zinthu ziwiri zimene mmisiri aliyense amadziwa, zimene zimachititsa kuti kuima kwa nyumba kukhale kutaya. Choyamba, simenti siisungika. Ikakhala miyezi ingapo imakoka chinyezi, n'kuyamba mibulu, kenako thumba lonse limauma gwa. Matumba amene tidasonkhanitsa kuti tithire bimu, mayi a ana adawagulitsa motchipa kwa munthu wina amene ankamanga manda, ndipo gawo la ndalamayo adanditumizira kuno. Tsiku limene ndidalandira ndalama yochokera ku Nathenje, ine amene ndidachoka kwathu kuti ndizitumiza, sindidathe kudya. Chachiwiri, ambiri kwathu timamanga njerwa ndi matope, simenti n'kuisungira maziko, bimu ndi pulasitala. Khoma lotero likakhala lopanda denga, mvula imalowa pamwamba, imatsuka matope a pakati pa njerwa, ndipo dzinja lililonse limadya mzere umodzi kapena iwiri. Chiswe nacho chimakwera. Atsibweni, amene ankandimangira nyumbayo, adandiimbira foni chakumapeto kwa Seputembala. "Mwanawe," adatero, "khomali dzinja likalipeza lili chonchi, mbali ya kum'mawa tidzayambiranso. Ngati ulibe ya malata, tumiza ya pulasitiki tiphimbe pamwamba." Ndidatumiza ya pulasitikiyo. Mphepo ya Novembala idaing'amba.

Anzanga ambiri sadapirire. Chakumapeto kwa Meyi 2020 mabasi adayamba kutuluka kuno atadzaza Amalawi, kulowera pa Mwanza. Ena adawasunga pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre kudikira zotsatira za kuyezedwa, ndipo oposa 400 adathawapo, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Nkhani idafala m'dziko lonse kuti ajoni abweretsa kolona. Mnzanga wina wa cha ku Malingunde adandiuza kuti atafika kwawo anthu ankamulonjera ali patali, ndipo ana ankathawa. Mantha awo ndimawamvetsa, pakuti ena mwa obwererawo adapezekadi ndi matendawa. Koma ndi anthu omwewa amene ndalama zawo zidafolera nyumba zambiri za m'midzi imeneyo. Ine ndidatsala. Ndinkaopa kufika pakhomo pa apongozi chimanjamanja, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka, njira yobwerera ikhala yovuta.

Aka sikadali koyamba kuti matenda adule njira ya pakati pa Joni ndi madenga a kwathu. Nyumba zoyamba za malata m'midzi yambiri ya kumwera kwa Lilongwe zidamangidwa ndi ndalama za ku migodi, nthawi ya makampani olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 adafa, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu. Ntchito idayambiranso mu 1977, koma mu 1988 idatheratu, pa mkangano woti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asadalowe m'dziko lino. Amuna zikwizikwi adabwezedwa. Ndili mwana ndinkaona akuluakulu ena a m'mudzi mwathu atavala majasi aatali a ku Joni atang'ambikang'ambika, akukhala m'nyumba za njerwa zimene chipinda chimodzi chokha ndicho chidali ndi malata, zina zonse udzu. Sindinkadziwa kuti ndikuona chiyani. Ena a iwo adamwalira akudikirabe ndalama zawo za ku Theba. Tsopano ndikamaganiza za makoma anga, nkhope zawo zimandibwerera, ndipo ndimachita mantha.

Kenako udafika Januwale wa 2021. Malire adali atatsegulidwa mu Okutobala kwa amene ali ndi kalata yoyezetsa ya masiku osapitirira atatu, imene mtengo wake udali wolemera kwa waganyu. Pa 11 Januwale boma la kuno lidatsekanso zipata za pamtunda. Tsiku lotsatira, pa 12 Januwale, Malawi adataya nduna ziwiri tsiku limodzi: a Sidik Mia, amene ankayang'anira za mtengatenga ndi ntchito za zomangamanga za boma, ndi a Lingson Belekanyama, nduna ya maboma aang'ono, phungu wa Lilongwe Msinja South, kufupi ndi kwathu komweko. Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo bwalo la masewero la Bingu lidasanduka chipatala. Pamenepo ngakhale amene ankati kolona ndi matenda a anthu okwera ndege adakhala chete.

Atsibweni adayamba kudwala mwezi womwewo. Poyamba ankati ndi malungo, kenako adayamba kubanika. Sadathe sabata. Maliro awo sadagone pakhomo. Padalibe kuchezera pa siwa, amayi sadaimbe usiku wonse, adzukulu sadagwire ntchito yawo monga mwa mwambo. Adaikidwa ndi anthu a zaumoyo ovala zoyera zophimba thupi lonse, abale ataima patali. Mlongo wanga adandiimbira pa WhatsApp n'kukweza foni m'mwamba kuti ndione, koma netiweki inkadukaduka, ndipo chimene ndidaona ndi mitengo ya kumanda ndi misana ya anthu. Munthu amene adandiphunzitsa kugwira levulo, amene adamanga theka la magolosale a kwathu, adapita popanda ine kuponya dothi m'manda mwake. Luso lawo lidapita nawo limodzi. Ankadziwa dambo limene dothi lake limatulutsa njerwa yolimba ndi limene njerwa yake imafumbutuka, ankadziwa kukumba maziko pa nthaka ya makande kuti nyumba isang'ambike. Zimenezi sizidalembedwe paliponse.

Ndiye mumvetse mmene tidamvera, patangopita masabata ochepa, zitadziwika kuti ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi mliriwu zidasakazidwa, zambiri m'maalawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata malamulo. Mu Epulo 2021 nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, adachotsedwa pa udindo chifukwa cha nkhani yomweyo. Nthawi imeneyo anthu ankafa posowa mpweya wa m'masilinda.

Chimene chidagwira anthu kwathu ndi khasu. Dzinja la 2020 mpaka 2021 mvula idagwa bwino, feteleza wa pulogalamu ya AIP ankagulidwa pa K4,495 thumba, ndipo chimanga chidachuluka. Anyamata oumba njerwa adabwerera kumunda ndi kudimba. Ena adalowa m'Dzalanyama kukaotcha makala, ena adakwera kabaza. Anthu adadya, ndipo pa chimenechi ndimathokoza Mulungu. Koma kudya ndi kwina, kumanga ndi kwina.

Mliri utayamba kuzilala, tidapeza kuti mitengo ya zinthu yatithawa. Mafakitale a zitsulo m'maiko ambiri adali atazimitsa ng'anjo zawo, kuphatikizapo a kuno, ndipo atayatsanso zitsulo zidasowa n'kukwera mtengo. Kunyamula katundu pa sitima za panyanja kudakwera kangapo. Malawi alibe doko, katundu wake amadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo chitsulo chopangira malata, misomali ndi mawaya a bimu chimachokera kunja. Simenti timapanga tokha, ya Shayona ku Kasungu, ya ku Njereza ku Mangochi, ndi ya ku Blantyre imene idali ya Lafarge isadagulidwe ndi kampani ya ku China ya Huaxin mu 2021, ndipo ina imalowa kuchokera ku Zambia kudzera pa Mchinji. Koma ngakhale yopangidwa kwathuyo imafuna ndalama zakunja zogulira zipangizo, mafuta ndi zida za makina. Apa pali chinanso. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti. Poona mmene Dzalanyama ikuthera, lamulolo ndimagwirizana nalo. Koma likutanthauzanso kuti ntchito ya mmisiri tsopano yamangiriridwa ku mtengo wa simenti, ndipo mtengo wa simenti wamangiriridwa ku dola.

Sindingaike zonse pa mutu pa kolona. Nkhondo ya ku Ukraine idakweza mafuta ndi feteleza mu 2022, kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma zilimwe ziwiri zimene mliri udatilanda, cha 2020 ndi cha 2021, zidali zomaliza zimene ndalama ya munthu ngati ine ikadakwanitsa kugula denga lonse nthawi imodzi. Amene adafolera mu 2019 lero akugona m'nyumba zawo. Amene tidatsala ndi sitepe imodzi yokha tikuthamangitsa mtengo umene umakwera tisadaufike. Abale kwathu amati randi tsopano ikusintha makwacha ambiri, ndiye zinthu zikutiyendera. Saona kuti ntchito za miyezi isanu ndi umodzi zija zidasanduka maganyu a masiku awiri, kuti m'mawa timaima kunja kwa mahadiweya akuluakulu titanyamula makatoni olembapo luso lathu, kudikira galimoto yoti iime, ndiponso kuti kuyambira 2021 magulu ngati Operation Dudula akhala akuyenda m'makomboni kusaka alendo.

Mbali ya kum'mawa ya nyumba yanga idagwadi, monga adanenera atsibweni. Mayi a ana amapitako nthawi ndi nthawi kuchokera ku Nathenje kukalimira udzu ndi kuona ngati anthu sakuba njerwa. Akanditumizira zithunzi ndimazikulitsa ndi zala, kuwerenga mizere, kuona pamene mng'alu wafika. Ana akukula pakhomo pa agogo awo, ndipo wamng'ono amandidziwa kwambiri ndi mawu a pa foni. Malata tayambanso kugula, awiri mwezi uno, mwezi wina osagula, ndipo akusungidwa kudenga kwa apongozi.

Mwezi wathawu adandiimbira mwana wa mlongo wanga, amene adayamba kukankha wilibala ya atsibweni chaka chimene mliri udabwera, ndipo maphunziro ake adathera panjira. Tsopano ali pa kabaza pa Mitundu, njinga yake ya lendi.

"Atsibweni," adatero, "munditumizire ya basi. Ndibwere kumeneko ndizidzakuthandizani."

Ndidamufotokozera zonse, za makatoni, za chidindo cha pa pasipoti chimene masiku ake amatha usadapeze ntchito, za kugona tcheru usiku. Adamvetsera mpaka ndidamaliza.

"Ndamva, atsibweni. Nanga kuno ndimange chiyani? Aliyense ukamufunsa akuti tidikire kaye simenti itsike."

Ndidamuuza kuti ya basi sinditumiza, koma nditumiza ya njerwa ndi matumba a simenti okwanira bimu, ndipo iyeyo ndiye adzutse khoma la kum'mawa lija. Ndidzamulipira monga mmisiri, osati monga mwana wa pakhomo. Madzulo aliwonse azindionetsa pa foni zimene wamanga, chingwe ndi levulo zili pakhoma, ndipo pamene papindika azigumula n'kuyambiranso. Wavomera kudikira mpaka mvula yoyamba. Pasipoti wapangitsa kale.